Amber: Ojambula Omwe Anakana Kukhala Alendo

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, asodzi a padoko la North Shields, pomwe mtsinje wa Tyne umathira m'nyanja kumpoto chakum'mawa kwa England, anamva kuti boti lina lausodzi lotchedwa Sally lagulidwa ndi anthu opanga mafilimu. Sanachite kulibwereka kwa sabata ziwiri monga amachitira makampani a mafilimu, ayi. Analigula ndithu, n'kuyamba kupita nalo panyanja kukapha nsomba. Ochita sewero omwe anasankhidwa kudzakhala asodzi mufilimuyo anauzidwa kuti ayambe aphunzira ntchito: kuponya khoka, kulikoka, kutumbula nsomba zala zitauma ndi chisanu, uku boti likupendekeka ndi mafunde a North Sea. Filimuyo, In Fading Light, inatuluka mu 1989. Ndi nkhani ya mtsikana yemwe wabwera kudzafuna bambo ake, mkulu wa boti, n'kuumirira kulowa nawo ntchito ya amuna pa nthawi yomwe usodziwo ukufa.

Ogula botiwo anali a Amber Film and Photography Collective, kagulu ka ojambula zithunzi ndi mafilimu ka mumzinda wa Newcastle. Kwa iwo zoterezi sizinali zachilendo. Anagulapo malo omwera mowa, anawetapo mahatchi a mpikisano, anagonapo m'kalavani pagombe lakuda bii ndi malasha, zonsezi chifukwa sankafuna kujambula anthu omwe sakuwadziwa. Kunja kwa Britain ndi ochepa omwe anamvapo za Amber. Ngakhale ku Britain komweko, munthu wamba ukamufunsa za mafilimu okamba za kugwa kwa migodi ndi mafakitale, adzakutchulira The Full Monty, Brassed Off kapena Billy Elliot. Komabe n'kovuta kupeza bungwe lina m'dzikolo lomwe linakhala pakati pa anthu a dera limodzi kwa zaka zoposa 50, kamera ili m'manja, ntchito zikutha imodziimodzi pamaso pake.

Anthu apantchito anayamba kuoneka m'mafilimu a ku Britain Amber isanabadwe. M'zaka za m'ma 1930, John Grierson ndi anzake ankajambula asodzi, a m'migodi ndi a kupositi, koma ndalama zake zinkachokera kuboma ndi kumakampani, ndipo nthawi zambiri wantchitoyo ankangooneka akutuluka thukuta, wina ndiye akumulankhulira. Mu 1960 kampani ya Woodfall inatulutsa Saturday Night and Sunday Morning, momwe Albert Finney anali mnyamata wa pafakitale ya njinga ku Nottingham, wokonda mowa ndi mkazi wa mwini, wosafuna kuuzidwa chochita. Mu 1969 Ken Loach anabwera ndi Kes, ya kamnyamata ka ku Barnsley komwe aliyense akukayembekezera kukalowa mumgodi pomwe iko mtima uli pa kabawi yemwe kakuweta. M'mafilimu amenewa ntchito ilipo, yambirinso. Dandaulo lake ndi lakuti ndi yotopetsa, ndipo wachinyamata akufuna kuithawa. Zoti ntchitoyo ndiyo idzayambe kuthawa anthu, mafilimuwa sanazione.

Mzati wa Amber anali Murray Martin, yemwe anabadwa mu 1943 ku Stoke-on-Trent, mzinda wa mafakitale oumba mbale ndi makapu, m'banja la anthu apantchito. Anaphunzira zojambulajambula ku Newcastle, anaphunzitsako pang'ono, kenako anapita ku London kukaphunzira za mafilimu pa Regent Street Polytechnic. Kumeneko mu 1968 anagwirizana ndi ophunzira anzake ochepa, mmodzi mwa iwo mtsikana wa ku Finland, Sirkka-Liisa Konttinen, zoyambitsa kagulu kogwira ntchito limodzi. Martin ankaona kuti sukulu inamuzula pakati pa anthu omwe anamulera, ndipo ankafuna kuti luso lomwe anaphunziralo limubwezere komweko. Pa nthawi yomwe wophunzira aliyense wa za mafilimu ankalakalaka kupeza malo ku London, iwo mu 1969 anamanga katundu n'kulowera kumpoto, ku Newcastle, dziko la malasha, zitsulo ndi sitima zapamadzi.

Malamulo omwe anadziikira anali ochepa koma olimba. Ndalama iliyonse yomwe membala wapeza, kaya pophunzitsa kaya pojambula, inkalowa m'thumba limodzi, ndipo aliyense ankalandira malipiro ofanana. Filimu ikatha, sinkalembedwa dzina la munthu mmodzi kuti ndiye mwini luso. Inkatuluka m'dzina la gulu. Zomwe ajambula zinkakhala zawo, osati za wopereka ndalama. Kuti apeze chodyera, anatsegula kabizinesi kotchedwa Lambton Visual Aids, kogulitsa zithunzi zophunzitsira m'makoleji.

Konttinen anakakhala ku Byker, dera la anthu apantchito la nyumba zanjerwa zogundana m'mizere yotsetsereka kulowera kumtsinje. Anafika khonsolo itagamula kale kuti nyumbazo zigwetsedwe. Anakhalamo mpaka nyumba yake yomwe inagwetsedwa, ndipo anapitiriza kujambula derali kwa zaka zoposa khumi: amayi kochapira zovala, ana akusewera pa mabwinja, nkhalamba zitakhala m'zipinda zawo zodzaza ndi zithunzi za abale. M'malo mwa mizere yakaleyo munamangidwa Byker Wall, chinyumba chachitali cha katswiri wa zomangamanga Ralph Erskine, chomwe akatswiri anzake anachitama kwambiri. Anthu analonjezedwa kuti adzakhalabe pamodzi, koma ambiri anabalalikira m'madera ena. Buku la zithunzi la Byker ndi filimu ya dzina lomweli zinatuluka mu 1983.

Mafilimu oyamba a Amber anali aafupi, opangidwa ndi ndalama zochepa kwambiri, opanda munthu wofotokozera. Launch, ya mu 1974, imangotenga mphindi pafupifupi khumi. Inajambulidwa ku Wallsend, komwe kampani ya Swan Hunter inkakhoma sitima zonyamula mafuta zazikulu koopsa, ndipo ikuonetsa tsiku lomwe imodzi mwa izo, World Unicorn, inatsitsidwira m'madzi. Munthu akaima pakhomo pake mumsewu wa nyumba za antchito, kumapeto kwa msewuwo sakuona thambo koma khoma lachitsulo, lalitali kuposa madenga onse. Tsikulo litafika, akuluakulu ovala bwino akwera pansanja yawo, pomwe amuna omwe anakhoma sitimayo ali pansi pake, akugumula zochirikiza. Kenako chinthu chonsecho chiyamba kusuntha, maunyolo akuluakulu akukokeka, fumbi la dzimbiri lili kobo, ndipo kumapeto kwa msewu kuja kwatsala poyera. Palibe mawu odzudzula aliyense mufilimuyi. Kamera yangosankha poima, ndipo yaima pansi, pomwe pali antchito.

Phunziro lalikulu analitenga pojambula High Row, pa kamgodi kakang'ono ka malasha pafupi ndi Alston, komwe amuna ochepa ankakumba mwa iwo okha. A Amber anabwera ndi nkhani yolembedwa kale, yotsindika za kuopsa kwa ntchitoyo ndi kudyeredwa masuku pamutu. Eni ntchito ataiona anaikana. Iwo anasiya ntchito za malipiro abwino kuti azikumba mwaufulu, opanda kapitawo wowapuma m'khosi, ndipo sankadziona ngati anthu omvetsa chisoni. A Amber anaika pambali zomwe analembazo n'kulola amunawo kuti atsogolere. Kuyambira pomwepo, kufunsa eni nkhani kunakhala mwambo wa gululi. Pa Last Shift, ya mu 1976, anafika mochedwa: fakitale ya njerwa ya ku Swalwell inali itatsekedwa kale. Anaitana antchito omwe anachotsedwawo, n'kuwalemba ganyu kuti abwerere adzaumbenso njerwa monga ankachitira, kamera ikuona. Wina anganene kuti kumeneko n'kunamiza oonera. Koma popanda ganyu ameneyo, kaumbidwe ka njerwa zimenezo kakanatha popanda ndi chithunzi chomwe. Bowes Line inajambula njanji yakale yokoka ngolo za malasha ndi zingwe, ndipo Glassworks inajambula opanga magalasi a ku Lemington.

Gululi linakhazikika mumsewu wotchedwa Side, wotsikira kugombe la mtsinje pansi pa mlatho wa Tyne Bridge. Nyumba zakale za m'dera la Quayside nazo zinali pamndandanda wogwetsedwa, ndipo Martin ndi anzake anachita kampeni mpaka zambiri zinaikidwa pansi pa chitetezo cha lamulo. Mu 1977 anatsegula Side Gallery, nyumba yoonetsera zithunzi za moyo weniweni wa anthu, popeza kunalibe kwina mumzindawo komwe kunkalandira zithunzi zoterozo. Wojambula zithunzi Chris Killip anaitsogolerapo zaka zoyambirira, ndipo mu 1978 munaonetsedwa zithunzi za Henri Cartier-Bresson, mmodzi mwa ojambula otchuka padziko lonse. Nyumbayi inkatumanso ojambula kupita m'midzi ya migodi ndi m'matauni a mafakitale, n'kumasunga zomwe abwera nazo.

Chaka chomwe chinasintha zinthu ndi 1982. Kufikira nthawi imeneyo, filimu yopangidwa ndi kagulu ngati Amber sinkaloledwa kuoneka pa wailesi ya kanema, chifukwa bungwe la antchito a za mafilimu, ACTT, linali ndi malamulo okhwima a chiwerengero cha anthu ojambula ndi malipiro awo. Malamulowo anaikidwa poteteza antchito, koma ankatsekera kunja timagulu tosauka. Martin anali mmodzi mwa omwe anakambirana za mgwirizano wotchedwa Workshop Declaration, pakati pa ACTT, British Film Institute, mabungwe a zaluso a m'zigawo ndi wailesi yatsopano ya Channel 4, yomwe inayamba kuulutsa pa 2 Novembala chaka chomwecho. Mgwirizanowo unalola timagulu tosafuna phindu, tolipira mamembala mofanana, kulandira ndalama za zaka zingapo nthawi imodzi m'malo mopempha pa filimu iliyonse, ndi kusunga umwini wa zomwe tapanga. Unathandiza Amber, Trade Films ya ku Gateshead, magulu a amayi a ku Sheffield ndi Leeds, komanso magulu a ojambula akuda monga Sankofa, Ceddo ndi Black Audio Film Collective, momwe munali John Akomfrah wobadwira ku Ghana. Kwa Amber, phindu lenileni linali nthawi. Tsopano akanatha kukhala pamalo zaka ziwiri asanadziwe n'komwe kuti filimu yake idzakamba chiyani.

Ndalamazo zinafika pomwe dera lonse linkagwa. Fakitale yaikulu ya zitsulo ya ku Consett inatsekedwa mu 1980, anthu oposa 3,000 n'kukhala malova tsiku limodzi. Mu Malichi 1984, akuluakulu a bungwe la boma loyendetsa migodi, motsogozedwa ndi Ian MacGregor, atalengeza zotseka migodi 20 ndi kuchotsa anthu 20,000, bungwe la a m'migodi la NUM, pansi pa Arthur Scargill, linayamba sitalaka yomwe inatha chaka chathunthu. Boma la Margaret Thatcher linali litaunjika kale malasha ndipo silinagonje. A Amber anali atayamba kale kugwira ntchito ndi a m'migodi a ku Durham, ndipo anali m'gulu la timabungwe tomwe tinapanga Miners' Campaign Tapes, matepi asanu ndi limodzi a vidiyo omwe ankazungulira m'misonkhano ndi m'maholo, kupereka mbali ya onyanyala ntchito yomwe nkhani za pa wailesi ya kanema sizinkaipatsa mpata.

Chodabwitsa n'chakuti filimu yawo yoyamba yaitali, yomwe inatuluka sitalakayo itangotha, sinali ya a m'migodi. Seacoal, ya mu 1985, ndi ya anthu omwe ankadya nyenyeswa za mgodi. Ku Lynemouth, m'chigawo cha Northumberland, zinyalala za mumgodi zinkatayidwa m'nyanja. Nyanja inkachita yokha ntchito yopeta: miyala inkamira, timalasha topepuka tinkakankhidwira kugombe. Mabanja ena ankakhala pomwepo m'makalavani, ndipo mafunde akabweretsa malasha, ankalowa m'madzi ozizira ndi hatchi ndi ngolo, madzi kufika m'chiuno, n'kumawola ndi mafosholo ndi zosefera zawaya. Malashawo ankawagulitsa motsika kwa munthu yemwe anali ndi chilolezo cha gombelo. Anthuwa sankafuna kamera ngakhale pang'ono, poopa kuti wojambula ndi kazitape wa ofesi yopereka ndalama za malova. Killip anayesa kwa zaka zingapo, akupirikitsidwa, mpaka anamulandira ndipo anakhala nawo m'kalavani kwa nthawi yoposa chaka. A Amber anatsatira njira yomweyo. Pa filimuyo anabweretsa ochita sewero ochepa, Amber Styles ngati Betty, mayi wothawa banja lankhanza ndi mwana wake wamkazi, ndi Ray Stubbs ngati mwamuna yemwe wamubweretsa kugombeko. Ena onse anali eni malo, akuchita zomwe ankachita tsiku ndi tsiku, akulankhula m'kalankhulidwe kawo komwe ngakhale Mngelezi wa ku London amavutika kumva. Nthawi zina oonera sadziwa pomwe sewero lathera ndi pomwe moyo weniweni wayambira, ndipo mphamvu ya filimuyi ili pomwepo. Imaonetsa ufulu wa moyo wa pagombe, mahatchi akuthamanga pamchenga, koma sibisa kuti ngakhale kumeneko mkazi amagwira ntchito, ndalama n'kugwira mwamuna.

Kenako anasamukira ku North Shields kwa zaka zisanu. Apa ndi pomwe anagula boti lija, ndiponso malo omwera mowa otchedwa New Clarence, omwe anakhala pokumanira anthu ndi pojambulira. Dream On, ya mu 1991, inachokera m'nkhani za amayi a m'dera la Meadow Well, ndipo ndi ya amayi atatu a timu ya masewera a darts, aliyense ndi mtolo wake wa kunyumba. Chaka chomwecho, mu Seputembala, achinyamata a ku Meadow Well anachita zipolowe zomwe zinamveka dziko lonse, atolankhani n'kukhamukirako kudzafunsa chomwe chalakwika. Pakati pa zonsezi anapanganso T. Dan Smith, ya mu 1987, yokamba za mtsogoleri wakale wa khonsolo ya Newcastle yemwe analota zomanga mzinda watsopano koma anamangidwa mu 1974 pa mlandu wa ziphuphu. Smith mwiniwake anaonekamo. Anapitanso ku Rostock, mzinda wa sitima ndi usodzi ku East Germany, kukajambula antchito a kumeneko, pomwe ojambula a ku East Germany anabwera kudzajambula North Shields.

Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 Channel 4 inasiya kupereka ndalama zokhazikika kwa timaguluti, ndipo tambiri tinatha. Amber inapulumuka, mwa zina chifukwa inali ndi nyumba zakezake pa Side, zomwe ena ankalipira lendi. Martin, yemwe anakonda mahatchi kuchokera pa nthawi ya Seacoal, anali atalowerera m'gulu la anthu ochita mpikisano wa mahatchi okoka tingolo ku County Durham, ndipo m'menemo munatuluka filimu ya Eden Valley, ya bambo ndi mwana wake wamwamuna omwe anatayana kalekale.

Mu Okutobala 1992 nduna Michael Heseltine inalengeza zotseka migodi ina 31. Wa ku Easington, womwe mu 1951 unapha anthu 83 pa ngozi imodzi, unatsekedwa mu 1993. Pofika kumapeto kwa 1994, m'chigawo chonse cha Durham, chomwe chinakumba malasha kwa zaka mazanamazana, munalibe mgodi wakuya ndi umodzi womwe. Ndipo m'pamene makampani akuluakulu a mafilimu anazindikira kuti m'nkhaniyi muli ndalama. Brassed Off ya Mark Herman, mu 1996, inatenga nkhani ya bandi ya malipenga ya mgodi wa Grimethorpe, n'kuifikitsa pa mpikisano waukulu ku Royal Albert Hall. The Full Monty, mu 1997, inaonetsa amuna a ku Sheffield omwe ntchito ya zitsulo inawathera akuganiza zovina ali buno bwamuswe kuti apeze ndalama. Inapangidwa ndi madola pafupifupi 3.5 miliyoni n'kubweretsa oposa 250 miliyoni. Billy Elliot, mu 2000, inajambulidwa m'misewu ya Easington momwemo, ndipo ndi ya mwana wa munthu wa mumgodi yemwe akufuna kuvina gule wa ballet pa nthawi ya sitalaka.

Mafilimu atatuwa ndi abwino, ndipo si chilungamo kuwanyoza. Mu Brassed Off muli mkwiyo weniweni, ndipo munthu wofuna kudzipha chifukwa cha ngongole ali momwemo pakati pa nthabwala. Koma onse amathera pansanja, m'manja mukuombedwa. Wina wapambana, wina wathawira ku London, oonera atuluka mtima uli m'malo. Funso lakuti Lolemba lotsatira anthu otsalawo anadzuka n'kupita kuti silifunsidwa.

A Amber analifunsa katatu. The Scar, ya mu 1997, inachokera m'nkhani za amayi omwe pa nthawi ya sitalaka ankaphikira mabanja mazanamazana ndi kulankhula m'misonkhano. Mayi wa mufilimuyi, May, yemwe anaseweredwa ndi Charlie Hardwick, watsala ndi banja losweka, ana osadziwa kolowera, ndiponso mtima wagwa m'chikondi ndi mkulu wa kampani yokumba malasha pamtunda, mtundu wa kampani womwe unalowa m'malo mwa migodi ija. Like Father, ya mu 2001, inajambulidwa m'dera lomwelo la Billy Elliot, ndipo mwangozi banja lake nalonso ndi la a Elliott. Muli agogo oweta nkhunda omwe khola lawo likufuna kugwetsedwa kuti gombe likonzedwe, bambo yemwe anali wa mumgodi koma tsopano akudya za lipenga ndi kuimba m'makalabu, ndi mwana wa zaka khumi yemwe akuona makolo ake akupatukana. Osewera ake ambiri sanali akatswiri. Anali anthu a komweko, ena akusewera nkhani zofanana ndi zawo. Shooting Magpies, ya mu 2005, ndi yowawa kuposa zonse. Pofika nthawiyo, m'midzi yakale ya migodi munali mutalowa heroin, ndipo filimuyi ndi ya mayi wachitsikana yemwe akuyesa kuchotsa bambo wa ana ake m'mankhwala ozunguza bongowo. Inajambulidwa pa vidiyo ndi ndalama zochepa, popeza The Scar ndi Like Father zinathandizidwa ndi BBC koma pofika apa panalibenso wailesi yoika ndalama zake. Ana a anthu omwe anaguba ndi mbendera za migodi mu 1984 ndi omwe akuoneka apa akugulitsa katundu wa m'nyumba.

Gululi silinasowe odzudzula. Ena ankati limakonda zakale mopitirira, kuti limakometsera ntchito zomwe zinkaphwanya misana ndi kudzaza fumbi m'mapapo, ndiponso kuti limathamangira anthu a m'mphepete, a mahatchi ndi a nkhunda, kusiya unyinji womwe unkagwira ntchito m'masitolo ndi m'maofesi. M'mawu amenewa muli choona. Amber sinajambule kwenikweni fakitale ya magalimoto ya Nissan yomwe inatsegulidwa ku Sunderland mu 1986, kapena ntchito zoyankha mafoni zomwe zinabwera pambuyo pake. N'zoonanso kuti oyambitsa ake sanali mbadwa za dera la mtsinje wa Tyne. Ndipo mafilimu ake, omwe ambiri ankaulutsidwa usiku anthu atagona, sanafike kwa unyinji womwe unaonera The Full Monty. Koma pa mlandu wokometsera, Shooting Magpies payokha ndi mboni yokwanira. Komanso anthu ojambulidwawo ankaonetsedwa filimu m'maholo a kwawo, opanga ake ali pomwepo, ndipo wokhumudwa ankadziwa khomo loti akagogode. Mlendo wodzajambula kwa sabata zisanu ndi imodzi sakumana ndi bwalo lotero.

Murray Martin anamwalira mu 2007. Filimu yomwe ankapanga yokamba za banja lina la oweta mahatchi inasanduka yomukumbukira, The Pursuit of Happiness. Anzake monga Konttinen, Peter Roberts ndi Ellin Hare anapitiriza. Konttinen anali atabwerera ku Byker kuyambira mu 2003, ndipo m'nyumba za Byker Wall anapezamo otsala ochepa a m'misewu yakale ija pamodzi ndi mabanja othawa kwawo kuchokera ku Africa, Middle East ndi kwina, omwe boma linawaika kumeneko. Anawajambula onse, ndipo zinatuluka m'buku la Byker Revisited mu 2009 ndi filimu ya Today I'm With You. Mu 2016 From Us to Me inabwerera ku Rostock kukafunsa antchito aja zomwe zinawachitikira dziko lawo litatha. Ambiri ntchito zinawathera monga zinathera anzawo a pa Tyne. Pa nthawiyi mgodi wa Ellington, womwe zinyalala zake zinkadyetsa anthu a mu Seacoal, unali utatsekedwa mu 2005, Swan Hunter inasiya kukhoma sitima mu 2006, ndipo mgodi wakuya womaliza m'Britain monse, wa Kellingley ku Yorkshire, unatsekedwa mu Disembala 2015.

Ulemu unabwera, koma sunabwere ndi chakudya. Mu 2011 bungwe la UNESCO linaika zithunzi za Konttinen ndi mafilimu a Amber m'kaundula wa zinthu zofunika kusungidwa za dziko la United Kingdom. Chaka chomwecho bungwe la Arts Council England linachotsa Side Gallery pamndandanda wa olandira thandizo lokhazikika. Mu 2015 zonse zomwe gululi linasonkhanitsa, zithunzi zoposa 20,000 ndi mafilimu pafupifupi 100, zinaikidwa m'manja mwa AmberSide Trust kuti zisadzagulitsidwe kapena kubalalika, ndipo ndalama za lotale ya dziko zinathandiza kukonzanso nyumbayo, yomwe inatsegulidwanso mu 2016. Thandizo la Arts Council linabwerera mu 2018, koma mu Novembala 2022 Side inasiyidwanso kunja, pa nthawi yomwe mitengo ya magetsi ndi gasi inali itakwera kwambiri. Mu Epulo 2023 Side Gallery inatseka zitseko zake, ndipo anthu wamba anasonkha mapaundi oposa 60,000 kuti bungwelo lipitirize kusamala zithunzi ndi mafilimuwo pomwe likufunafuna thandizo lina.